Fodya wa Apongozi

Chilekwa anasiya fodya tsiku limene mvula yoyamba inagwa ku Matero, ndipo kuchokera tsiku limenelo manja ake anasowa pokhala. Akawaika m'thumba ankafufuza paketi imene munalibe. Akawaika pa mawondo zala zinkaimba ng'oma zokha. Akawapinda kuti apemphere, asanafike n'komwe pakati pa Atate Athu, ankapeza kuti maganizo ali pa utsi.

Lonjezolo analipereka kwa Felistus, mwana wa ba Kapambwe a ku komboni ya George. Tsiku limene anamufunsira, mtsikanayo sanakane ndipo sanavomere. Anangomutengera kuseri kwa nyumba yawo n'kumuuza kuti aime phee, amvetsere. M'katimo bambo ake ankatsokomola, chifuwa chija cha anthu amene anathera unyamata wawo pansi pa mgodi ku Mufulira, kenako n'kuwonjezerapo fodya.

"Mwamvela?" anafunsa Felistus. "Iyi ndiye nyimbo yamene nakulila. Ba mayo banafa bakali kuimvela. Ine sinizakwatiwa na chifuba china, ba Chilekwa. Sankani, ine olo fwaka."

Anasankha pomwepo, mosavuta, pakuti anali atangozimitsa ndudu pa njira ndipo thupi linali lisanamve zimene pakamwa pankalonjeza.

Thupi linamva m'mawa mwake. Mutu unalemera ngati waumanga ndi waya. Tulo tinkabwera modukizadukiza ngati madzi a pa mpopi wa ku George, ndipo akadzuka malaya ankakhala atanyowa ndi thukuta ngakhale kunja kukuzizira. Ankatsokomola kuposa nthawi imene ankasuta, mpaka kudzifunsa ngati sanalakwitse. Chakudya chinkalowa ndithu, koma njala ina, imene inakhala penapake pakati pa mmero ndi chifuwa, sinkakhuta. Choipa koposa chinali mkwiyo. Munthu wofatsa uja, amene anzake ankamuseka kuti anaphonya unsembe, tsopano ankakalipira chitseko chikakana kutsekeka.

Lamulungu lina m'mawa, belu la Misa lisanalire, anali pabwalo ndi tsache m'manja. Eni nyumba imene ankachitamo lendi, ba Hatibu, telala wachisilamu amene makolo ake anachokera ku Mangochi, anali atatulutsa kale makina awo pakhonde.

"A Chilekwa, bwalo limenelo mwasesa kale. Mukafika pa thanthwe mutiuze, tikumbepo chitsime."

Chilekwa anaima, nayang'ana tsachelo ngati salidziwa.

"Siningankale pansi, ba Hatibu. Nikankala chabe, chibwela."

"Chibwere," anatero ba Hatibu akulowetsa ulusi pa singano. "Kumzikiti kwathu pa Ramazani osuta timawadziwira pakhomo. Ndi aja amakangana za nsapato. Koma ndaona chinthu chimodzi. Chimabwera, chimaluma, chimatopa, chimapita. Amene amagwa ndi amene amayamba kukambirana nacho. Inu musachiyankhe. Imwani madzi, yendani mpaka pa mpopi n'kubwerera."

"Nanga chikabwelanso?"

"Mpopi suchoka."

Pawindo la chipinda chake panali kambale ka mtedza wokazinga, wofundabe. Ba Kulthum, akazi a ba Hatibu, ankakaika pamenepo m'mawa uliwonse osanena kanthu, ngakhale tsiku lija anawakalipira chifukwa cha phokoso la mtondo. Anatenganso kachitini kamene iye ankagwetseramo phulusa n'kubzalamo tsabola. Chilekwa anakhuthulira mtedzawo m'thumba limene kale munkagona paketi, nanena chamumtima kuti, Ambuye, anthu awa muwakumbukire, ine mundigwire dzanja mpaka masana okha. Anali atasiya kupempha za moyo wonse. Ankapempha za m'mawa, ndipo masana akafika ankapempha za madzulo.

* * *

Misa itatha anthu anaunjikana pa geti la tchalitchi, amayi akukunga zitenje, ana akulumpha zithaphwi. Chilekwa anali kudikira Felistus pansi pa mtengo pamene mawu ena anamupeza kumbuyo.

"Ba Chilekwa! Kansi ndimwe mwenze kugwedeza benchi? Ise ku kwaya tenze kuganiza ati ni chivomezi."

Anali Moven, kalaliki wa mano oyera amene ankaimba ataima kumbuyo kwenikweni kwa Felistus. Ba Elina, mlongo wa ba Kapambwe, amene ankayang'anira pakhomo paja chimwalirire mayi a Felistus, anali atamusankha kale mumtima mwawo kuti ndiye mkamwini.

"Namvela ati mwaleka fwaka," anapitiriza Moven mokweza. "Ni vabwino maningi. Ba malume banga nabeve baleka Lenti iliyonse. Ni bakatswili boleka."

Atsikana a kwaya anaseka. Chilekwa anatafuna mtedza. Koma Moven anawoloka msewu kupita pamene panakhala ogulitsa mishanga, ndudu zija zogula imodziimodzi, nabwerera ali nayo ina pakati pa zala. Anailowetsa m'thumba la malaya a Chilekwa n'kusisitapo bwinobwino.

"Ya pa ngozi chabe. Musativutise mu nyumba ya Mulungu."

Fungo linakwera mpaka m'mphuno, lokoma, lodziwika ngati la kunyumba kwa munthu. Chilekwa sanadziwe nthawi imene dzanja linachoka. Anangozindikira kuti kolala ya Moven ili m'nkhonya yake, batani lili m'matope, ndipo anthu onse akhala chete.

"Mwaona? Mwaona ka?" anakuwa ba Elina atagwira m'chiuno. "Pa geti ya chalichi! Uyu ndiye afuna mwana wa ba Kapambwe? Azamupayila mu nyumba!"

Chilekwa anamusiya Moven. Anatulutsa ndudu ija m'thumba, ndipo zala zinachedwa nayo pang'ono zisanaigwetse. Anaiponda mpaka inasanduka matope.

* * *

Anayenda ndi Felistus njira ya ku Lilanda, pakati pawo pali mpata woti n'kudutsa njinga.

"Simunachite bwino," anatero mtsikanayo.

"Nanga eve achita bwino?"

"Eve sinimuganizilako. Nikamba na imwe."

"Vonse ivi ni iwe waleta, Feli! Nenze munthu bwinobwino. Nenze kugona, nenze kuseka na bantu. Manje ona vamene nankala. Galu wa pa cheni!"

Mawuwo atangotuluka anafuna kuwabweza, koma anali atapita. Felistus anayenda mpaka pa kamlatho ka matabwa, naima, namasula mpango wa m'manja umene anali ataumanga mfundo. M'menemo munali nzimbe zosenda, zodulidwa zing'onozing'ono, zoonda, kutalika kwake ngati chala.

"Nadula monga mishanga," anatero osamuyang'ana. "Kuti zala zisadabwe."

Chilekwa anatenga kamodzi. Zala zinakagwira mwa chizolowezi chija, pakati pa chala cholozera ndi chapakati.

"Pepa, Feli."

"Niziba si imwe mukamba. Ni fwaka ilila pochoka. Ninaviona kuli ba tata pamene ba dokota banabalesa. Banaponya mbale ya ndiwo pa chipupa, ba tata baja bofasa." Anamwetulira pang'ono, maso ali kutali. "Koma banakwanisa. Chaka chasila manje sibanagwileko olo kamozi. Ngati beve banakwanisa na ukalamba wao, imwe mungakangiwe bwanji?"

Anayendanso, mpata uja utachepa.

"Nili na mau," anatero Felistus. "Ba tata bati mubwele pa Chiwelu. Mvula yasuntha malata, mu nyumba mudonta. Bafuna imwe mukonze."

Chilekwa anasiya kutafuna. Iye anali asanatumize shibukombe, mkhalapakati amene kwa Abemba amanyamula mbale zovundikira kukafunsira mkazi. Nthawi zonse akafuna kutero ba Elina ankatumiza mawu akuti asataye nthawi, ndipo ba Kapambwe, amene mawu awo ndiwo akanathetsa nkhani, anali asananenepo kanthu. Munthu wotero saitanidwa pakhomo la apongozi popanda chifukwa.

"Baniitana ine? Osati uja wa kwaya?"

"Uja angakwele pa malata na nsapato zija?" Anaseka, kenako nkhope inakhazikika. "Mvelani, ba Chilekwa. Ba tata sibakamba vambili, bayangana chabe. Vamene bazakutumani, chitani. Musakane kantu, musayanke monga mwaniyankila ine lelo. Ba Elina bazabauza va pa geti. Iyi ndiye mpata yanu yeka."

* * *

Sabata imeneyo inali yoipa kuposa zonse zam'mbuyo, ngati kuti fungo la ndudu ya Moven linadzutsa chinthu chimene chinali chitayamba kuwodzera. Pa siteshoni ya basi munthu akayatsa, Chilekwa ankasunthira kumene mphepo ikuchokera, kenako n'kupeza kuti miyendo yamubwezera kumene utsi ukupita. Anayenda ulendo wa ku mpopi mpaka amayi otunga madzi anayamba kumufunsa ngati akufunapo wina pakati pawo. Nzimbe za Felistus zinatha, iye n'kumatafuna zotsalira zake.

Komabe panali tizinthu tina. Lachitatu, akudutsa pa bekale, anamva fungo la buledi kwa nthawi yoyamba pa zaka zambiri, ndipo anaima pamsewu ngati wopusa, akununkhiza. Chikasu cha pa zala zake chinali chitayamba kuzimiririka. Ba Hatibu anamupatsa batani latsopano kuti akapereke kwa Moven, ndipo anakapereka, ngakhale kuti pobwerera anatukwana mwala umene unamupunthwitsa.

* * *

Loweruka anafika ku George dzuwa litangokwera, atanyamula hamala, misomali ndi phula la m'chitini. Nyumba ya ba Kapambwe inali ya njerwa zosaotcha, malata ake opanikizidwa ndi miyala ndi matayala akale. Anagwada kutali, naomba m'manja. Mkuluyo anali kuseri kwa nyumba pa kampando, atafunda bulangeti, mbaula ya makala ili pa mapazi. Anangogwedeza mutu n'kuloza kudenga. Ba Elina sanamuyankhe moni.

Ntchito inamuthandiza. Pamwamba paja manja anapeza chochita, ndipo nthawi ndi nthawi ankaona Felistus akudutsa pansi ndi ndowa, osayang'ana kumwamba, koma akuyenda mwa njira imene sinali yachidule.

Chakumasana mfuu inamveka kuchokera kumsewu.

"Saladi! Saladi yabwela ku shopu!"

M'masiku amenewo mafuta ophikira akafika m'sitolo, ngakhale maliro ankatsala ndi anamfedwa okha. Makomo onse anatseguka nthawi imodzi. Amayi anatuluka ndi zigubu, ena akumangira ana kumbuyo ali pa liwiro, pakuti wochedwa ankapeza anyamata a chipani atatseka kale mzere. Ba Elina anakoka Felistus pa dzanja. Mtsikanayo anangokwanitsa kuyang'ana kumwamba kamodzi, ndipo komboni inatsala zii.

"Ba Chilekwa," anaitana mawu osasa a ba Kapambwe kuchokera pansi. "Selukani."

Anatsika, nanjuta cham'mbali monga mkamwini, osayang'anizana ndi apongozi.

"Mukwai," anavomera mwaulemu wa Chibemba.

"Sendelani. Sinili na mpepo yokuwa."

Ba Kapambwe anavula chisoti chawo. Anapinda lamba wa m'kati mwake natulutsamo ndudu imodzi, yopindika, ya mawanga a chinyontho.

"Uyu mushanga ninaupeza pa malilo ya ba neba. Wanyowa na mvula ya mu nyumba. Nayesa kuyasha, mpepo mu chifuba yachepa, moto sugwila. Niyashileniko."

Chilekwa anayang'ana nduduyo.

"Mukwai, ba dokota..."

"Ba dokota banakamba ati mapapu yanasila. Vamene vinasila sivingasile kabili."

"Mukwai, ine ninalonjeza kuli mwana wanu."

"Niziba. Ndiye chifukwa naitana imwe, muntu wamene aziba iyi njala." Anapumira, mpweya ukulira ngati chitseko chakale. "Uja wa kwaya ninamupempako siku ina. Akalibe kufika na pa museu, Elina wamvela kudala. Mwamuna wamene atenga mau ya mwamuna munzake kupeleka ku bakazi, uyo si mukamwini. Ni wailesi."

Anatambasula dzanja, ndudu ili pa chikhatho.

Kwawo kwa Chilekwa, ku Kasama, mkamwini akatumidwa ndi apongozi safunsa chifukwa. Akauzidwa kuti agwetse mtengo amagwetsa, ndipo zimene waona pakhomo la apongozi amafa nazo. Anakula akudziwa zimenezo monga ankadziwira dzina lake. Felistus nayenso anali atamuuza kuti asakane kanthu. Koma Felistus yemweyo ndiye anamuimika kuseri kwa nyumba ino, pafupifupi pamalo omwewa, kuti amvetsere chifuwa chimenechi.

Analandira ndi manja awiri. Anaganiza zoti mwina pali njira yapakati. Anatola kawaya, napana khala lofiira la pa mbaula, naligunditsa kunsonga kwa ndudu ali kuigwirira kutali ndi nkhope. Pepala linada, linafuka pang'ono, n'kuzima. Anayesanso. Linadanso.

"Muononga," anatero ba Kapambwe, ndipo m'mawu awo munali kuchonderera kumene Chilekwa anakudziwa bwino, pakuti ankakumva m'thupi mwake m'mawa uliwonse. "Simwenze wokoka imwe? Kokani."

Anafuna kupemphera koma mawu sanabwere. Anaika ndudu pakamwa.

Kukoka koyamba kunali kowawa, kwa chinyontho chokhachokha. Kwachiwiri moto unagwira, nsonga inafiira. Pamenepo ntchito imene anatumidwa inali itatha, ndipo akanayenera kupereka. Kukoka kwachitatu sikunali kwa apongozi. Kunali kwake. Utsi unatsika mpaka pansi penipeni, pamalo aja amene chakudya sichinkafika, ndipo kufunda kunayenda m'mapewa mpaka kunsonga za zala. Waya uja wa m'mutu unamasuka. Manja ake, kwa nthawi yoyamba chiyambire mvula, anakhala phee ngati ana amene mayi wawo wabwera ku ulendo.

Anapereka nduduyo maso ali pansi, akuchita manyazi ndi kukoma kumene anamva.

Ba Kapambwe anakoka pang'ono, natseka maso. Anakokanso, ndipo chifuwa chinawagwira. Anatsokomola mpaka kupindika, misozi ikutsika, bulangeti litagwa. Chilekwa anaiwala za ulemu wokhala patali. Anawagwira mapewa, nawasisita pamsana pamene mafupa ankawerengeka, nawamwetsa madzi a m'kapu pang'onopang'ono mpaka mpweya unabwerera. Kenako anawafunditsanso bulangeti n'kulipinda bwino kumapazi.

"Natotela, tata," ananong'ona mkuluyo pothokoza. Anakwirira chotsala cha ndudu m'matope ndi chidendene, nathyola masamba a gwafa amene anagwera pa mpanda. Lina anatafuna, lina anapatsa Chilekwa.

Chilekwa analilandira koma sanalitafune. Sanafune kuwonjezera bodza pa chimene anachita. Anakwera kudenga n'kukhoma misomali yotsala, ndipo misomaliyo inkalowa mowongoka, dzanja losanjenjemera.

* * *

Amayi anabwerera dzuwa litapendeka. Amene ananyamula chigubu cha mafuta anali Moven. Ankadziwana ndi wina mwa oyang'anira mzere, ndipo ba Elina anali kumutamanda njira yonse kuti amve aliyense.

Felistus sankamvetsera. Anayang'ana malata atagona bwino, miyala itabwerera m'malo mwake, bambo ake atafunditsidwa mpaka kumapazi, ndipo nkhope yake inawala. Analowa m'nyumba natuluka ndi beseni ndi jagi. Anagwada pamaso pa Chilekwa kuti amusambitse m'manja asanalandire chakudya. Kanali koyamba kumuchitira zimenezi pakhomo pa bambo ake, anthu akuona.

"Mwasebenza," ananena chapansipansi, akumwetulira. "Letani manja."

Anathira madzi. Chilekwa anawerama kuti asambe, nkhope zawo zinayandikana, ndipo anaona kumwetulira kuja kukuzima pang'onopang'ono. Madzi anapitiriza kutsika mpaka beseni linasefukira pa chitenje chake, iye osazindikira.

"Ba Chilekwa," anatero.

"Kununka fwaka pano!" anakuwa ba Elina ali pakhomo, mphuno ili m'mwamba. "Nindani wakoka pa nyumba ya muntu odwala?"

Felistus anaika jagi pansi. Sanakweze mawu.

"Mwakoka?"

Chilekwa anayang'ana kumene kunali ba Kapambwe. Mkuluyo anali atatsamira khoma, maso ali chitsekere, nsagwada zikuyenda pang'onopang'ono ndi tsamba la gwafa. Mawu anali okonzeka pa lilime, ochepa chabe, ndipo akanamupulumutsa. Koma akanavula munthu wamkulu pamaso pa mwana wake, pamaso pa mlongo wake, ndi pamaso pa Moven amene anaima apo ndi chigubu akudikira. Akanaphwanya chaka chija chimene Felistus ankanyadira. Ndipo ngakhale akanatero, kukoka kwachitatu kuja akanakuika pa mutu wa yani?

"Nakoka," anayankha.

"Pano?"

"Pano."

"Pafupi na ba tata?"

Chilekwa anagwedeza mutu povomera.

"Anakupasani nindani?"

Chilekwa anayang'ana madzi a m'beseni.

"Ine musaniyangane," anatero Moven akuika chigubu pansi mosamala. "Ija yanga anaiponda, munaona mweka. Muntu anabwela na yake mu sokosi."

"Nenze kukamba!" Ba Elina anaomba m'manja mokwiya. "Pa Sondo agwila bantu pa kosi, lelo afukiza odwala! Tachokako chabe pang'ono, ayasha! Felistus, ona wamene unasanka. Ona!"

"Elina."

Mawuwo anali ofooka koma onse anatembenuka. Ba Kapambwe anali atatsegula maso. Analavula tsamba lija cham'mbali, napumira, nakweza dzanja.

"Chongo chachuluka. Malata yakonzeka. Uyu mwana namuona, namuziba mutima." Anatembenukira kwa Chilekwa. "Ba Chilekwa, uzani ba shibukombe banu babwele na mbale pa Chiwelu. Nizalandila."

 Moven anayang'ana nsapato zake. Awa anali mawu amene Chilekwa anawapempherera miyezi yonse, ndipo tsopano atabwera, anamugwera ngati mwala wa padenga.

Felistus sanaimirire. Anatembenuka ali chigwadire mpaka anayang'ana kwa bambo ake, naomba m'manja mofatsa, pakuti mwana wamkazi satsutsa bambo ake pagulu. Koma tsiku la mbale lili ndi mwambo wake. Mtsikana amaitanidwa pamaso pa onse n'kufunsidwa ngati akumudziwa mwini wa mbalezo, ndipo akapanda kuvomera, mbale zimabwerera zosavundukula.

"Namvela, ba tata," anatero. Misozi inali ikutsika. "Mbale zibwele. Koma mukaniitana kunifunsa ngati nimuziba mwine wake, nizakamba ati sinimuziba. Wamene nenze kuziba sangakoke fwaka pa chifuba chanu."

Ananyamula beseni lake nalowa m'nyumba. Ba Elina anamutsatira, akukodola Moven kuti alowetse mafuta.

Pabwalo panatsala anthu awiri. Chilekwa anatola hamala ndi chitini cha phula, nagwada kuti atsazike. Mphamvu ya utsi uja inali itayamba kale kutha. Zala zinali zitayambanso kugunda pa chigwiriro cha hamala, ndipo njala ija inali itadzuka yaikulu kuposa kale, ngati chilombo chimene chalawa magazi.

Ba Kapambwe anamukodola kuti asendere. Fungo la gwafa ndi fodya linamufika limodzi.

"Musade nkawa, tata. Bakazi bakalipa, bapola. Mwachita chimuna lelo." Anayang'ana kukhomo, natsitsanso mawu. "Pakati pa sabata mubwele muone ngati malata yakali kudonta. Popita, pitilani pali ba mishanga. Mutenge ibili. Umozi ni wanu."

Chilekwa anaomba m'manja, pakuti mkamwini amaomba m'manja. Anakonza pakamwa kuti anene kuti ayi, koma malovu anali atadzaza kale, ndipo m'nyumbamo Felistus anali kutseka zenera limene linayang'ana pamene iye anagwada.